Kukumba mjigo wa pakhomo: ntchito imene imakwiririka pansi

Nyumba ziwiri zagundizana mpanda. Kwa woyamba makina aboola mamita 35, madzi atumphuka mpaka antchito kunyowa. Wachiwiri aitana kampani yomweyo, makina omwewo, aboola mamita 80, kukutuluka fumbi lokhalokha. Nkhani ngati zimenezi ndi zomwe zimachititsa anthu kuona kukumba mjigo ngati juga, ndipo amene sanapeze madziyo amatsala akuganiza kuti amudyera masuku pamutu. Nthawi zina amakhala atamudyeradi. Koma kawirikawiri chifukwa chake chimakhala m'miyala ya pansi.

Ngakhale kumene madzi apezekako, tsiku limene atuluka ntchito imakhala isanafike n'theka lomwe. Mwini nyumba amakonda kufunsa funso limodzi: mwafika mamita angati? Funsolo si lolakwika, poti malipiro nthawi zambiri amawerengera pa mita. Kungoti kuya pakokha sikutiuza za ubwino wa madzi, kuchuluka kwake, kapena zaka zimene mjigowo udzakhale. Zimenezi zimadalira ntchito zingapo zomwe makina akachoka palibe angazionenso.

Madziwo amakhala pati?

Ambiri timaganiza kuti pansi pa nthaka pali mitsinje, ndipo wokumba amangofunika kulasa pamene mtsinjewo ukudutsa. Zoterozo zimapezekadi m'madera a miyala ya laimu, imene imasungunuka pang'onopang'ono n'kupanga mapanga, koma si zofala. M'malo ambiri madzi amakhala m'timipata ta pakati pa mchenga ndi timiyala, kapena m'ming'alu ya thanthwe.

Tengani beseni, mulidzaze mchenga, kenako muthiremo madzi mpaka theka. Pamwamba paoneka pouma. Mukakumba kadzenje ndi chala, mufika pamene madzi ayamba kulowa m'kadzenjeko, akwera pang'ono, n'kuima. Mlingo umene aimapowo akatswiri amautcha water table, ndipo mchenga wodzala madzi wa pansiwo, umene ungasunge madzi n'kuwatulutsa mosavuta, ndiwo aquifer. Mawu oti mosavuta ndi ofunika. Dongo limasunga madzi ambiri kuposa mchenga, koma limawaumirira, moti mjigo wothera m'dongo sumapereka kanthu. Thanthwe lolimba ngati granite lilibe timipata n'komwe. Madzi ake amangokhala m'ming'alu ndi chakumtunda kumene mwala unafewa n'kuyamba kuyoyoka. Apa m'pamene pagona nkhani ya nyumba ziwiri zija. Woyamba anagunda mng'alu, wachiwiri anaudutsa m'mbali, mwina ndi mamita awiri okha.

Madzi onsewa gwero lake ndi mvula imene inalowa pansi, ina chaka chatha, ina zaka masauzande zapitazo. Amayenda, koma mwaulesi kwambiri. Amene anayamba kuyeza kayendedwe kake anali injiniya wa ku France, Henry Darcy, yemwe mu 1856 anafalitsa zomwe anapeza podutsitsa madzi m'mapaipi odzaza mchenga pa ntchito yobweretsa madzi mumzinda wa Dijon. Masamu ake akugwirabe ntchito mpaka lero.

Pali mtundu wina wa aquifer wotsekeredwa pakati pa dongo kapena miyala yosadutsa madzi. Madzi a mmenemo amakhala opanikizika, ndipo mukangoboola chivindikirocho amakwera okha m'dzenje, nthawi zina mpaka kutumphukira kunja popanda pampu. Zitsime zotere zimatchedwa artesian, kuchokera ku dera la Artois ku France, kumene amonke anakumba chitsime choterocho mu 1126.

Kusankha malo

Palibe makina amene amaona madzi ali pansi. Izi n'zofunika kuzinena poyera, chifukwa eni nyumba ambiri akalipira kafukufuku amayesa kuti agula chitsimikizo. Katswiri amayamba ndi mapu a miyala ya deralo, kakhalidwe ka mtunda ndi zigwa, komanso zolembedwa za mijigo ya anthu oyandikana nawo: inapita mamita angati, inapeza madzi pati, inadutsa miyala yanji. Kenako amakhoma zitsulo zinayi pamzere umodzi, n'kulowetsa magetsi pansi kudzera m'ziwiri za kumapeto, n'kuyeza pa ziwiri zapakati. Mwala wonyowa umadutsitsa magetsi mosavuta kuposa thanthwe louma. Njirayi anaiyamba katswiri wa ku France, Conrad Schlumberger, mu 1912, pofuna kupeza miyala ya mtengo wapatali. Vuto lake n'lakuti dongo limadutsitsanso magetsi, ndipo madzi a mchere amaposa onse. Choncho kafukufuku amangochepetsa mpata wolephera.

M'maiko ambiri mulinso anthu ofufuza madzi ndi kamtengo ka mphanda kapena mawaya awiri, ndipo amati kamtengoko kamawerama kakafika pa madzi. Owakhulupirira amaloza mijigo yambiri imene inatuluka madzi pamalo amene iwo anasonyeza. Asayansi amayankha kuti m'madera ambiri madzi ali paliponse pansi, moti aliyense akanaloza n'kupeza, ndiponso kuti poyesedwa mosamala anthuwa sanaonetse kuti amaposa kungolota.

Malo abwino sakhala okhawo a madzi ambiri. Ayenera kutalikirana ndi chimbudzi, thanki ya zonyansa, khola ndi dzala, ndipo akhale chakumtunda kwa zimenezi. Malangizo ambiri amatchula mamita 30, ngakhale malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo m'thanthwe la ming'alu tizilombo tingayende mtunda woposa pamenepo. Phunziroli dziko linalipeza movutikira. Mu 1854 kolera itavuta ku London, dokotala John Snow anatsata imfa za anthu mpaka anafika pa pampu ya mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha pampuyo, ndipo pambuyo pake ofukula pamalopo anapeza kuti chitsimecho chinali pafupifupi mita imodzi yokha kuchoka pa dzenje la zonyansa.

Kukumba ndi kuboola

Chitsime chokumba ndi manja ndicho chakale kwambiri. Pa chilumba cha Cyprus anapeza zitsime za zaka pafupifupi 10,000. Chimakhala chachikulu kukamwa kuti munthu alowemo, ndipo chimathera mamita ochepa pansi pa mlingo wa madzi, poti munthu sangakumbe atamira. N'chifukwa chake chimafulumira kuphwa m'chilimwe komanso kulowa zonyansa za pamtunda. Mjigo ndi wosiyana: dzenje lake n'lopapatiza, masentimita 15 mpaka 20 kwa wa pakhomo, koma lakuya.

Njira yoyamba yoboolera inali yosinja. Chitsulo cholemera chimakwezedwa ndi chingwe n'kugwetsedwa mobwerezabwereza, kenako amavuula zophwanyikazo. Anthu a ku Sichuan ku China anaifikitsa patali pofuna madzi a mchere: mu 1835 chitsime cha Shenhai ku Zigong chinafika mamita 1,001, pogwiritsa ntchito zingwe za nsungwi ndi mphamvu za anthu. Njirayi ilipobe. Ndi yochedwa koma yosalira zambiri.

Masiku ano makina ambiri ndi ozungulira, luso lomwe linakula m'migodi ya mafuta, makamaka Howard Hughes wamkulu wa ku America atapanga nsonga yoboolera ya mano ogudubuzika mu 1909. M'nthaka yofewa, ya mchenga ndi dongo, amaboola ndi matope. Amakumba maenje awiri pambali, n'kusakaniza madzi ndi dongo lapadera lotchedwa bentonite kapena mankhwala okhuthalitsa madzi. Matopewo amapopedwa kutsika m'kati mwa ndodo zachitsulo, kutulukira kunsonga, n'kukwera m'mbali atanyamula zophwanyika. Amaziziritsa nsonga, ndiponso amamata khoma la dzenje kuti lisagumuke. M'thanthwe amagwiritsa ntchito mpweya: kompresa yaikulu imayendetsa hamala yomwe ili pansi penipeni pa dzenje, imene imamenya mwala maulendo ambirimbiri pa sekondi uku ikuzungulira, ndipo mpweya womwewo umauluzira zophwanyika kunja.

Mukaima pafupi ndi makina a mpweya, muona kuti woyendetsa sayang'ana kwambiri mawotchi a makinawo. Maso ake amakhala pakamwa pa dzenje, khutu lili ku phokoso la hamala. Ndodo ikatha amaima, n'kulumikiza ina. Mnzake amatapa zotuluka pa mita iliyonse kapena awiri n'kuziunjika pansi timilu timilu pamzere: katondo wofiira, dongo lotuwa, mwala woyoyoka wachikasu, kenako timiyala takuthwa ta thanthwe. Fumbi likayamba kuchepa, zotuluka n'kumabwera zonyowa zomatana, ndiye kuti afika pa chinyontho. Hamala ikasintha kulira, ndodo n'kutsika mofulumira mwadzidzidzi, agunda mng'alu. Timilu tija si zinyalala. Nditomwe timauza katswiri pamene ayike sefa ndi pamene atseke, ndipo timalembedwa m'lipoti la mjigo. Mwini nyumba amene sanalandire lipoti limeneli wagula chinthu chimene sadziwa m'kati mwake, ndipo mmisiri wodzakonza patapita zaka khumi adzangopapasa.

Mapaipi, sefa, timiyala ndi simenti

Dzenje lopanda kanthu si mjigo. Likasiyidwa limagumuka, ndipo madzi a mvula otsuka pabwalo amangotsikiramo. Choncho amalowetsamo mapaipi, amene pantchitoyi amawatcha casing, a pulasitiki yolimba ya PVC kapena achitsulo, ocheperako kuposa dzenjelo. Mapaipi ambiri amakhala osaboola, koma pamalo pamene pali madzi amaikapo sefa, yomwe ndi paipi ya timing'alu tating'onoting'ono. Kukula kwa timing'aluti amakusankha poona mchenga umene unatuluka pamalopo. Tikakula kwambiri, mjigo umatulutsa mchenga umene umadya pampu. Tikachepa kwambiri, madzi amalowa movutikira. Sefa ikaikidwa molakwika ndi mamita atatu okha, ingayang'anizane ndi dongo m'malo mwa madzi. Kumene thanthwe ndi lolimba, ena amathera mapaipi pamene thanthwe layambira n'kusiya kunsiko kopanda kanthu.

Pakati pa paipi ndi khoma la dzenje pamatsala mpata wozungulira, ndipo zomwe zimalowa mumpatamu ndiye mtima wa ntchito yonse. Kunsi, kuzungulira sefa, amathira timiyala tobulungira totsukidwa bwino, tofanana kukula, tomwe timatchinga mchenga. Miyala yophwanya ya kukwale siyenera, chifukwa imakhala ndi fumbi ndipo imatsekana. Timiyalati amathira pang'onopang'ono. Akakhuthula kamodzi timakakamira panjira n'kusiya mphako pansi.

Kumtunda ndiye kosiyana kotheratu. Kumeneko mpata uyenera kutsekedwa ndi simenti kapena bentonite, kawirikawiri mamita osachepera asanu kapena asanu ndi limodzi kuchokera pamwamba, ndipo kwina malamulo amafuna ochulukirapo. Chifukwa chake n'chakuti nthaka imasefa madzi akamatsika pang'onopang'ono, koma mpata wosatseka umakhala njira yachidule: madzi akuda a pamtunda amatsetsereka m'mbali mwa paipi mpaka kukafika pa sefa osasefedwa. Mjigo ungakhale wa mamita 100 koma n'kumamwetsa anthu madzi a pabwalo. M'kuona kwanga, apa m'pamene mwini nyumba ayenera kuimapo yekha n'kuwerenga matumba. Ndi gawo lotsika mtengo poyerekeza ndi kuboola, komanso losavuta kulizemba: wokumba wachinyengo amabwezeramo dothi lomwe anafukula, n'kupaka simenti pamwamba pokha, ndipo poyang'ana sipasiyana.

Pomaliza, paipi imasiyidwa itatuluka pamwamba pa nthaka masentimita osachepera 30, yovindikira bwino, ndipo pozungulira amawaka konkire yotsetserekera kunja kuti madzi asadikhe.

Kutsuka ndi kuyesa mphamvu

Kuboola kumasiya khoma la dzenje litamatidwa ndi matope ndi fumbi la mwala. Mjigo watsopano uli ngati wotsamwa. Amautsuka pouzira mpweya wamphamvu pansi, kuimitsa, kuuziranso, kuti madzi azilowa ndi kutuluka m'sefa mpaka tinthu tonse tating'ono tituluke. Poyamba madzi amabwera ofiira ngati a chigumula. Ntchito imatha akayera mbee ndipo m'chidebe simukutsalira mchenga. Pamafunika maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu. Kompresa imamwa mafuta ambiri, choncho gawoli nalo limakonda kufupikitsidwa.

Madzi otumphuka pa nthawiyi amasangalatsa, koma sanena zoona zonse. Paipi ya masentimita 15 imasunga malita pafupifupi 18 pa mita iliyonse, ndiye mjigo wofooka ungaoneke wamphamvu kwa mphindi zingapo. Choonadi chimadziwika poyesa ndi pampu. Amayamba ayeza pamene madzi aima asanapope. Kenako amapopa mosalekeza kwa maola angapo, kapena tsiku lonse ngati mjigo udzagwira ntchito yaikulu, uku akuyeza kutsika kwa madzi. Akazimitsa pampu amayezanso liwiro limene madzi akubwerera. Bwererani ku beseni lija: mukamatunga m'kadzenje, mchenga wozungulira umayamba kuuma, kwambiri pafupi ndi kadzenjeko, pang'ono chapatali. Zimachitikanso pansi, ndipo mijigo iwiri yoyandikana ingalandane madzi mwanjira imeneyi.

Manambala ake amadabwitsa. Mjigo wopereka malita 0.2 pa sekondi umaoneka wonyozeka, koma pa ola ndi malita 720, okwanira banja ngati pali thanki yosungira. Chimene chimaononga mijigo yambiri ndi kuika pampu yamphamvu kuposa madzi amene mjigo ungapereke. Pampu imamaliza madzi, n'kuyamba kukoka mpweya, n'kupsa.

Pampu

Pampu yokhala pamtunda sikoka madzi monga timaganizira. Imachotsa mpweya m'paipi, ndipo kulemera kwa mpweya wa mlengalenga n'kumene kumakankha madzi kuti akwere. Mphamvu imeneyi imathera pa mamita 10.3 m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo pantchito yeniyeni ndi mamita 7 kapena 8. Madzi akakhala pansi kuposa apo, pampu iyenera kutsikira komweko n'kumawakankha kuchokera pansi. Mapampu a manja monga India Mark II ndi Afridev amatero ndi silinda yomira yolumikizidwa ku chogwirira ndi ndodo. Mjigo wa magetsi kapena wa sola umakhala ndi pampu yomira, yaitali ngati mkono kapena kuposa, yokhala ndi mota yosalowa madzi. Imapachikidwa pansi pa mlingo umene madzi anatsikira poyesa paja, koma osagunda pansi pamene pamadikha matope, ndipo ndi bwino kuiikira chozimitsa madzi akachepa.

Kuchoka apo madzi amapita m'thanki yokwezeka, n'kumatsika okha kupita ku mipope, kapena m'thanki yotseka yokhala ndi mpweya wopanikizika, imene imayatsa pampu mphamvu ya madzi ikatsika. M'maiko ozizira kwambiri paipi yopita m'nyumba imatulukira m'mbali mwa casing pansi pa nthaka, kuti madzi asaundane.

Madzi oyera si onse abwino

Ntchito ikatha amathira klorini mumjigo kupha tizilombo tomwe tinalowa ndi zipangizo, n'kupopa mpaka fungo litatha. Kenako madzi apite ku labotale. Bungwe la World Health Organization limati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke ngakhale kamodzi kachilombo ka E. coli, kamene kamasonyeza kuti madzi akhudzana ndi chimbudzi cha anthu kapena nyama. Limaikanso malire a mamiligalamu 50 pa lita a nitrate, amene amachokera ku feteleza ndi zimbudzi ndipo ndi oopsa kwa makanda, 1.5 a fluoride, amene akachuluka amathimbiriritsa mano ndi kuononga mafupa, ndi 0.01 a arsenic, amene ndi poizoni.

Zina mwa izi zimachokera m'miyala momwemo, ndipo palibe simenti ingazitseke. Ku Bangladesh, kuyambira m'ma 1970, anakumba mijigo mamiliyoni pofuna kupulumutsa anthu ku matenda otsegula m'mimba obwera ndi madzi a m'maiwe. Mu 1993 zinatsimikizika kuti mijigo yambiri inali ndi arsenic wachilengedwe, wopanda mtundu, fungo kapena kukoma, ndipo anthu mamiliyoni ambiri anali atamwa kwa zaka. Palibe amene anayeza poyamba, chifukwa palibe amene ankayembekezera. Madzi a dzimbiri othimbiriritsa zovala amadandaulitsa msanga, chonsecho si oopsa kwenikweni. Oopsawo amakhala chete. N'chifukwa chake akatswiri amalangiza kuyeza tizilombo chaka chilichonse, ndiponso madzi osefukira akadutsa pamjigo.

Mafunso amene sanayankhidwe

Lipoti la United Nations la 2022 linati madzi a pansi ndi 99 peresenti ya madzi onse opanda mchere amene sanaundane padziko lapansi, ndipo amapereka theka la madzi amene anthu amagwiritsa ntchito pakhomo. Koma mwini wake ndani? Ku Texas, m'dziko la United States, khoti linagamula mu 1904 kuti mwini malo angapope mmene angathere ngakhale chitsime cha mnzake chiphwe. Ku South Africa, lamulo la 1998 linaika madzi onse m'manja mwa boma ngati wosungira anthu, ngakhale limalola kutunga a pakhomo popanda laisensi. Ku England munthu safunika laisensi ngati akutunga osapitirira malita 20,000 patsiku. Ena amati mjigo wa banja limodzi ndi wochepa kwambiri moti kuulondalonda n'kuvutitsa anthu amene boma lalephera kuwapatsa madzi. Ena amati mijigo ing'onoing'ono masauzande mumzinda umodzi ndi chimodzimodzi pampu imodzi yaikulu yopanda woiyang'anira.

Kupopa mopitirira muyeso kuli ndi zotsatira zooneka. M'chigwa cha San Joaquin ku California, malo ena anatsika pafupifupi mamita 9 pakati pa 1925 ndi 1977, makamaka chifukwa cha ulimi wothirira, ndipo mizinda ya Jakarta ku Indonesia ndi Mexico City ikutitimira mpaka pano. Madzi akatsika, oyamba kuphwa ndi a zitsime zosaya, za anthu amene sangakwanitse kuitananso makina. Kodi wokumba mozama ali ndi mangawa kwa mnzake wa chitsime chosaya? Malamulo ambiri sanena momveka.

Palinso nkhani ya dzenje louma. Makontirakiti ena amati mwini nyumba alipire mita iliyonse, madzi apezeke asapezeke. Ena amati popanda madzi palibe malipiro, zomwe zimamveka zokomera wogula, koma otsutsa amati zimakankhira wokumba kukweza mtengo, kapena kupereka mjigo wofooka ngati wabwino kuti asaluze. Nanga ubwino wa madzi ayang'anire ndani? Ku United States lamulo la madzi akumwa la 1974 silikhudza zitsime za pakhomo. Kuyeza ndi udindo wa mwini wake, ndipo m'maiko ambiri zili chomwecho. Mijigo yosiyidwa nayo ikuchuluka. Uliwonse wosatsekedwa bwino ndi simenti ndi khomo lolowera zonyansa m'madzi amene anthu onse a m'deralo amamwa, koma mwini wake akasamuka kapena kumwalira, sizidziwika kuti woutseka ndani, ndipo m'madera ambiri palibe ngakhale kaundula wosonyeza pamene mijigoyo ili.